Kuwerenga kalinga ka Aroma ndi maso, mapazi ndi tepi

Malire a ufumu wa Roma sankalonderedwa ndi malinga akuluakulu okha. Pakati pa linga ndi linga pankakhala timalinga ndi nsanja, momwe munkagona asilikali 8, 12, nthawi zina 30, otumizidwa kuchokera ku linga lalikulu kuti akasunge chipata, msewu, powolokera mtsinje kapena chitsime. Maina ake ankasiyana malinga ndi dera: burgus m'mbali mwa mitsinje ya Rhine ndi Danube, praesidium m'chipululu cha Egypt. Miyala yolembedwa ya m'nthawi ya mfumu Commodus, yopezeka m'mphepete mwa Danube, imanena ntchito yake mosabisa: kutseka njira za mbava zowoloka mozemba. Sitinali tomenyerapo nkhondo yaikulu ayi. Tinali malo oonerapo amene akulowa ndi amene akutuluka.

Malo abwino ophunzirirapo ndi Khoma la Hadrian kumpoto kwa England, lomwe linayamba kumangidwa m'chaka cha 122 AD, m'nthawi ya mfumu Hadrian, kuchokera ku Wallsend kukafika ku Bowness-on-Solway, mtunda wa makilomita 117. Amene muli ku Newcastle kapena ku Carlisle mutha kupita m'mawa n'kubwerako madzulo. Koma musanadzuke dziwani ichi: mabwinja amene mukawaone si nyumba imodzi yomangidwa tsiku limodzi. Muli manja a asilikali oyamba, manja a asilikali amene anabwera patapita zaka 100 n'kusintha zipata, manja a alimi amene anasenza miyala kukamangira makola, ndi manja a okonza a zaka za m'ma 1800. Ntchito yonse yagona pa kusiyanitsa manja amenewa.

Miyeso yoyenera kuisunga pamtima

Phazi la Aroma ndi masentimita 29.6. Mailo yawo ndi mapazi 5,000, pafupifupi mamita 1,480. Pa Khoma la Hadrian anaika kalinga pa mailo iliyonse, ndiye chifukwa chake Angerezi amakatcha milecastle, ndipo pakati pa timalinga tiwiri anaikapo nsanja ziwiri, zotalikirana pafupifupi mamita 495. Akatswiri amawerenga timalingati kuyambira kummawa kupita kumadzulo mpaka nambala 80, ndipo nsanja zimatenga nambala ya kalinga ka kummawa kwake: mukachoka pa 48 mupeza 48a, kenako 48b, kenako kalinga 49. Izi n'zothandiza kwambiri kuposa mmene zikumvekera. Mukadziwa pamene pali kalinga kamodzi, mutha kupeza pamene panali nsanja imene tsopano yasanduka msipu, pongowerenga mapazi.

Yezani kaye sitepe yanu. Tambasulani tepi ya mamita 30 pabwalo, yendani kanayi mwa mayendedwe anu a masiku onse, n'kupeza nambala yapakati. Munthu woyenda masentimita 75 pa sitepe adzaponda kokwana 660 kuti afike pa nsanja yotsatira. Pokwera phiri sitepe imafupika, ndiye mukangowerenga osaganizira zimenezi mudzaima musanafike. Komanso musadabwe kupeza kalinga kataphonya mailo ndi mamita makumi angapo. Omanga ankasuntha pang'ono pena ndi pena, ngakhale kuti malo ena anaumirira muyeso mpaka kudabwitsa. Kalinga 42 ku Cawfields kanamangidwa pamalo otsetsereka, chipata chake chakumpoto chikuyang'ana kuphompho, pomwe mpata wabwino wodutsira uli chapafupi pomwepo.

M'chikwama muikemo tepi, kampasi, mapu a Ordnance Survey (bungwe lojambula mapu la ku Britain), kabuku kolembamo ndi pensulo, chifukwa bolopeni imakana papepala lonyowa ndipo kumeneko mvula siichenjeza. Khasu, fosholo ndi makina ofufuzira zitsulo zisiyeni kunyumba. Chifukwa chake tichipeza kutsogoloku.

Mukafika, musathamangire m'kati

Anthu ambiri amalowa pachipata n'kuyamba kujambula zithunzi. Yambani kunja. Imani kumpoto kwa khoma muone ngalande. Pamalo ofewa inakumbidwa yosongoka pansi ngati chilembo cha V, yotambalala mamita 8 kapena 9 ndi yakuya pafupifupi mamita 3, ndipo pakati pa iyo ndi khoma anasiya kabwalo ka mamita pafupifupi 6. Pamwamba pa matanthwe sanaikumbe, poti phompho linkagwira kale ntchitoyo. Funso loyamba ndi ili: kutsogolo kwa chipata, kodi ngalande yadukiza kuti pakhale podutsa? Pa timalinga tambiri podutsapo sipaoneka, ndipo mfundo imeneyi ndi imene imautsa mkangano wakuti kodi anthu wamba ndi ng'ombe zawo ankadutsadi pazipatazi, kapena zinali za asilikali okha. Lembani zimene mwaona, osati zimene mumayembekezera.

Kenako zungulirani makoma. Ngodya ziwiri zakummwera n'zozungulira kunja, pomwe zakumpoto zalumikizana ndi Khoma lenilenilo. Yezani m'kati, kuchokera pachipata chakumpoto kufika chakummwera, kenako kuchokera kummawa kufika kumadzulo. Timalinga tambiri ndi ta mamita pafupifupi 15 kwa 18. Ngati mbali yaitali ndi ya chipata ndi chipata, monga pa kalinga 39 ku Castle Nick, ndi mtundu umodzi. Ngati yaitali ndi yotsata Khoma, monga pa 37 ndi 42, ndi mtundu wina. Kusiyanaku, pamodzi ndi kamangidwe ka zipata, n'kumene akatswiri amayesera kuzindikira gulu lomwe linamanga, pa magulu akuluakulu atatu a asilikali amene anamanga Khoma, a II Augusta, VI Victrix ndi XX Valeria Victrix. Pa kalinga 37 pafupi ndi linga la Housesteads panapezeka mwala wotchula II Augusta ndi bwanamkubwa Aulus Platorius Nepos, ndiye pamenepo palibe kupenekera. Pamene palibe mwala wolembedwa, musalumbire.

Tsopano gwadani muyang'ane polumikizira. Mmisiri aliyense womanga ndi njerwa amadziwa kuti makoma awiri omangidwa limodzi amalumana, mwala wa ili kulowa mwa ilo, pomwe khoma lobwera pambuyo limangotsamira linzake n'kusiya mzere wowongoka kuchokera pansi mpaka pamwamba. Mzere umenewo ndi umboni woposa chikwangwani chilichonse cha pamalopo. Nsanja ya ku Peel Gap makoma ake amangotsamira Khoma, kusonyeza kuti inawonjezedwa pambuyo. Nsanja ya ku Pike Hill yakhala mopingasa, osatsata mzere wa Khoma, chifukwa inalipo kale Khomalo lisanafike ndipo omanga anachita kulikhotetsa kuti likumane nayo.

Pali chinanso chooneka m'mbali mwa timalinga ndi nsanja zambiri. Poyamba Khoma linayenera kukhala la mapazi 10 a Aroma m'lifupi, pafupifupi mamita 3, ndipo omanga timalinga ankasiya timapiko ta muyeso umenewo uku ndi uku, kudikira kuti Khoma lidzalumikizidwe. Ntchito ili mkati lamulo linasintha, Khoma n'kuchepetsedwa kufika pa mamita pafupifupi 2.4 kapena kucheperapo. Ndiye mukatsata kumbuyo kwa Khoma kuchokera pa kalinga, pakangotha mamita ochepa mudzaona lalowa m'kati mwadzidzidzi ngati sitepe. Pamenepo mwagwira tsiku limene maganizo anasintha, ndipo mwadziwa kuti kalingako kanayamba kumangidwa Khoma la pamalopo lisanathe.

Poltross Burn, mwala ndi mwala

Kalinga 48, ku Poltross Burn m'mudzi wa Gilsland, kali pamtsetse pafupi ndi njanji, ndipo n'koyenera kukathera ola lathunthu. Kanafukulidwa mu 1909 ndi J. P. Gibson ndi F. G. Simpson. N'kakakulu kuposa tinzake tambiri, mamita pafupifupi 21 kwa 18.5. Lowani pachipata chakumpoto muyang'ane pansi m'mbali mwake. Zipata za timalingati zinali za zitseko ziwiri, mpata wa mamita pafupifupi 3, ndipo zitsekozo zinalibe mahinjesi. Msichi wa chitseko unkazungulira m'kabowo kosemedwa pamwala. Pano mudzaonanso miyala yowonjezera imene inatseka mbali ya chipata pambuyo pake, n'kusiya kakhomo kodutsa munthu mmodzi. Zoterezi zinachitika pa timalinga tambiri. Ngolo inasiya kudutsa.

Pangodya ya kumpoto chakummawa pali masitepe ochepa apansi a makwerero amiyala. Ndi ochepa, koma ndi amene anapereka yankho la funso limene aliyense amafunsa, lakuti Khoma linali lalitali bwanji. Njira yake mutha kuibwereza nokha. Yezani kutalika kwa sitepe imodzi ndi kuya kwa popondapo pake. Yezani mtunda wochokera pa sitepe yoyamba kufika pamene makwererowo akanagunda khoma. Gawani mtundawo ndi kuya kwa popondapo kuti mupeze kuchuluka kwa masitepe, n'kuchulukitsa ndi kutalika kwa sitepe imodzi. Mudzafika pafupi ndi mamita 3.7, pomwe panali poyenda alonda. Cholakwika chofala n'kuyeza sitepe imodzi yokha: miyala inaperepeseka ndipo ina inasunthika, ndiye kuphonya kwa sentimita imodzi kumakula mukakuchulukitsa. Yezani onse otsalawo mutenge muyeso wapakati, ndipo kumbukirani kuti pansi pamenepo m'potsetsereka.

Pangodya ya kumpoto chakumadzulo pali mabwinja a uvuni wozungulira, womwe unamangidwanso kangapo pamalo omwewo. Mauvuni ankawaika kukhoma, kutali ndi madenga a nyumba zogona, poopa moto. Mukaona miyala yofiira yopsa pangodya ya kalinga kalikonse, ganizani za buledi musanaganize za adani.

Nanga munkakhala anthu angati? Musawerengere kukula kwa bwalo. Werengani zipinda. Asilikali a Roma ankagona m'magulu a anthu 8, ndipo gulu lililonse linkapatsidwa zipinda ziwiri, chakutsogolo cha zida ndi chakumbuyo chogona. Ku Poltross Burn kuli nyumba ziwiri, uku ndi uku kwa kanjira ka pakati, iliyonse ya zipinda zinayi poyamba, choncho zipinda 8 zikutipatsa magulu anayi, anthu 32. Pa kalinga 37 pali kanyumba kamodzi kokwana anthu 8. Koma nambala imeneyi ndi ya mabedi, osati ya anthu amene analipo usiku uliwonse. Ena ankakhala kunsanja, zipinda zina zinali zosungira katundu. Muzilemba kuti "osapitirira 32". Kutali ndi Khoma kunali timalinga tokulirapo, monga Barburgh Mill kummwera kwa Scotland ndi Martinhoe kugombe la Devon, komwe nyumba zake zinali zokwana pafupifupi gulu lonse la anthu 80.

Nsanja sizichedwetsa. Ndi za mamita pafupifupi 6 mbali iliyonse kunja kwake, khomo lili kummwera, m'kati muli pamoto, ndipo m'zambiri muli kachiunda kamiyala pakona komwe mwina pankatsamira makwerero. Zambiri za kumatanthwe zinasiyidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 100 AD, zinagwetsedwa, ndipo mphako imene zinasiya m'Khoma inatsekedwa ndi miyala. Mukaona khoma lodutsa pamwamba pa maziko a nsanja, ndi zimenezo.

Zimene zimapusitsa

Chachikulu ndi khoma lokongola kwambiri. M'zaka za m'ma 1800 John Clayton wa ku Chesters anagula minda yambiri ya m'mbali mwa Khoma, ndipo antchito ake anatola miyala yogwa n'kuisanjanso popanda matope, pamwamba n'kuyalapo kapinga. Anapulumutsa zambiri, koma kutalika kwa khoma lotero si umboni wa Aroma. Chizindikiro chake ndi miyala yosanjidwa youma ndi msonga yosalala ya udzu. Zigawo zimene boma linalimbitsa m'zaka za m'ma 1900 zili ndi matope atsopano m'mipata ndipo pamwamba pake m'posalingana. Apa ndi apo, mizere yapansi ndiyo yodalirika.

Kummawa vuto ndi lina. M'zaka za m'ma 1750 anamanga msewu wa asilikali, womwe lero ndi B6318, pamwamba penipeni pa Khoma, miyala yake n'kusanduka maziko a msewu. Kumeneko kalinga kamangooneka ngati kachitunda kafulati m'munda kummwera kwa msewu. Pitani m'mawa kwambiri kapena dzuwa likupendeka, pamene mthunzi umatalika n'kuonetsa kukwera kwa masentimita 20 kumene masana simungakuone. Nthawi zina mudzapeza timingalande tosaya totsata mzere wa makoma: ndi mmene akuba miyala anazula maziko, ndipo timingalandeto timakupatsani pulani ya nyumba imene kulibe.

Ndiye pali alendo obwera pambuyo. M'kalinga 35 ku Sewingshields munamangidwa nyumba za alimi patatha zaka mazana ambiri Aroma atachoka, ndi miyala yomweyo ya Aroma. Mwala wa Aroma sutanthauza khoma la Aroma. Onani ngati khomalo likutsata mzere wa kalinga kapena lapingasa, ndiponso ngati lakhala pamwamba pa zigumukire.

Pamene pamwamba palibe mwala

Timalinga tambiri sitinali ta miyala n'komwe. Kumadzulo kwa mtsinje wa Irthing, Khoma la Hadrian ndi timalinga take poyamba zinamangidwa ndi zidutswa za kapinga zodulidwa ndi dothi lake, zipata zili za mitengo. Chimodzimodzi Khoma la Antoninus ku Scotland, la makilomita 60, lomwe linayambika cha m'ma 142 AD pa maziko a miyala otambalala mamita opitirira pang'ono 4. Kapinga amaphwasuka, mitengo imaola, pulawo n'kudzamaliza. Chotsala ndi ngalande yokwiririka ndi maenje a nsanamira.

Mlimi aliyense amadziwa kuti chimanga cha pamene panali khola chimabiriwira kuposa chinzake. Ngalande yokwiririka imachitanso chimodzimodzi: imasunga chinyezi, ndiye tirigu kapena barele wa pamwamba pake amatalika n'kuchedwa kuuma, pomwe wa pamwamba pa maziko a miyala amapinimbira n'kufulumira kuchita chikasu. Zimaoneka bwino kuchokera m'mwamba m'chaka cha chilala, monga 1976 ndi 2018 ku Britain, ndipo zimatha m'masabata ochepa. Chimene mukufuna pachithunzi ndi bwalo la ngodya zinayi zozungulira, la khomo limodzi loyang'ana kumsewu. Nsanja ya mitengo, monga za ku Gask Ridge ku Perthshire, imaoneka ngati mphete yodukiza pamalo amodzi, m'kati muli madontho anayi a nsanamira. Samalani apa: manda ozungulira a anthu akale kwambiri ndi nyumba zozungulira za eni dziko zimaonekanso ngati mphete. Chimene chimalimbitsa mlandu ndi mzere: kodi mpheteyo ili m'mbali mwa msewu wa Aroma, ndipo munthu ataima pamwamba pa nsanja pamenepo angaone nsanja inzake? Ku Martinhoe ndi ku Old Burrow, kugombe lomwelo la Devon, kuli mipanda iwiri, wina m'kati mwa unzake, makomo ake ali mbali zosiyana kuti wolowa azungulire theka la kalinga akuonedwa.

Zithunzi za LiDAR, zoyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka ndi kuwala kochokera m'ndege, zimapezeka kwaulere pa intaneti m'madera ambiri a England. Poziwerenga pakompyuta, sinthani mbali imene kuwala kukuchokera, kanayi kapena kupitirira, chifukwa mtumbira wogona motsata kuwalako suchita mthunzi ndipo umasowa.

Makina oyeza maginito a m'nthaka amapeza ngalande, maenje ndi malo opsa. Gawani munda m'mabwalo a mamita 20 kapena 30 ndi zingwe ndi zikhomo zapulasitiki, yendani m'mizere yotalikirana mita imodzi, kapena theka la mita pofuna tsatanetsatane, makina akuwerenga pa masentimita 25 aliwonse. Woyendayo asakhale ndi chitsulo chilichonse: lamba, zipi, makiyi, foni, ngakhale nsapato za chitsulo kumphuno. Mpanda wa waya umaononga mamita angapo oyandikana nawo. Ndipo pakati pa Khoma la Hadrian, pamatanthwe a Whin Sill, mwala weniweniwo uli ndi maginito ambiri moti umaphimba zonse. Kumeneko gwiritsani makina olowetsa magetsi m'nthaka, amene amaona makoma, koma nawonso amafooka nthaka ikauma gwa kapena ikakhuta madzi. Kuleza kumalipira. Kalinga ka ku Carleith pa Khoma la Antoninus kanatchulidwa ndi Robert Sibbald mu 1707, anthu anakafunafuna osakapeza, mpaka bungwe losamala malo akale la Historic Environment Scotland linalengeza mu 2023 kuti makina a maginito aona maziko ake pansi pa munda, popanda kukumba.

Kufukula, kwa amene ali ndi chilolezo

Malo ambiri otere ndi otetezedwa ndi lamulo la 1979 la zipilala zakale. Kukumba, kapena kuyendetsapo makina ofufuzira zitsulo popanda chilolezo cholembedwa, ndi mlandu, ngakhale mwini munda atavomera. Ngakhale makina a maginito aja amafuna chilolezo pamalo otetezedwa. Ku England, chinthu chogwera m'gulu la chuma chofukulidwa chiyenera kunenedwa pasanathe masiku 14, ndipo ku Scotland chilichonse chakale chopezeka chiyenera kunenedwa. Njira yolowera ndi kudzipereka pa ntchito yofukula yoyendetsedwa ndi akatswiri. Kufukula n'kuononga: dothi limene mwachotsa silibwereranso mmene linalili, ndiye chimene simunalembe chatayika.

Ngalande idulidwe mopingasa, osati motsata, ndi dzenje lotambalala mita imodzi ndi theka kapena awiri, lopitirira milomo yonse iwiri. Chotsani dothi gawo ndi gawo, kuyambira lobwera pomaliza, gawo lililonse ndi nambala yake, zopezekamo m'thumba la nambala yomweyo. Mukapitirira mita imodzi ndi masentimita 20, kulitsani dzenje mwa masitepe kapena tchingani m'mbali, chifukwa dothi la m'ngalande ndi lofewa ndipo limagumuka osachenjeza. Pansi penipeni nthawi zambiri pamakhala kangalande kopapatiza ka ngodya zinayi. Palani khoma la dzenjelo ndi chipande mpaka mitundu ya dothi ioneke, liwazeni madzi pang'ono likauma, mangani chingwe chowongoka ndi levulo, n'kujambula pa muyeso wa 1:10. Pulani ya pansi ikhale pa 1:20. Matope osalala opyapyala pansi ndi a mvula, ngalande ili yotseguka. Zibuma za kapinga zothiridwa mosokonekera zikusonyeza kuti asilikali anagwetsera mpanda m'ngalande pochoka. Mzere wa V wina wodula woyambawo ndiye kuti anaikumbanso, mwina atabwerera.

Mpanda wa kapinga umapusitsa ongoyamba kumene, amaukumba n'kuutaya poganiza kuti ndi dothi wamba. M'khoma la dzenje umaoneka ngati mizere yopyapyala yakuda ndi yotuwa yosinthana, yakudayo ndi udzu woola. Dzenje la nsanamira lidulidwe theka, theka linalo litsale kuti muone mbali yake. Mukaona chithunzi chakuda chowongoka pakati pa miyala yotsinira, mtengo unaolera momwemo. Dothi likakhala losokonezeka mbali imodzi, anachita kuugwedeza n'kuuzula. Pamoto, mu uvuni ndi pansi pa ngalande tengani dothi la malita 40 kuti likatsukidwe, mbewu zopserera ziyandame. M'menemo ndi mmene mumadziwira ngati ankalandira tirigu wopunthapuntha kale kuchokera ku linga lalikulu, ndipo zidutswa za mphero zimasonyeza kuti ankapera okha. Chikopa kapena mtengo wonyowa usaume ngakhale ola limodzi. Uikeni m'thumba ndi madzi ake.

Kupeza zaka

Ndalama yachitsulo imanena chinthu chimodzi chokha: dothi limene yagonamo silinaikidwe ndalamayo isanasulidwe. Sinena kuti linaikidwa liti. Ndalama zasiliva za mtsogoleri wa Aroma Mark Antony za 32 ndi 31 BC zinkayendabe m'manja patatha zaka zoposa 200, chifukwa siliva wake anali wosakaniza ndipo anthu sankazibisa kapena kuzisungunula. Mukapeza imodzi yoperepeseka pansi pa nyumba, musalengeze kuti mwapeza kalinga kakale kuposa tonse.

Mapale ndi odalirika kuposa ndalama, poti mbiya imasweka msanga. Mbale zofiira zonyezimira za samian zinkachokera ku La Graufesenque m'zaka za m'ma 1 mpaka 100 AD ndipo kenako makamaka ku Lezoux, konseko m'dziko lomwe lero ndi France, zambiri zili ndi chidindo cha woumba. Miphika yakuda yopukutidwa ya ku Dorset inafika kumpoto mochuluka m'nthawi ya Hadrian, ndipo mizere yopingasana ya pamimba pake imathandiza: pa yakale timabokosi take ndi tosongoka m'mwamba, pa ya m'zaka za m'ma 200 AD kupita mtsogolo ndi togona chammbali. Miphika ya Huntcliff ndi ya Crambeck yopakidwa utoto ikusonyeza zaka zomalizira za m'ma 300 AD, nthawi ya nsanja za kugombe la Yorkshire monga Scarborough, Goldsborough ndi Filey. Kuyeza kwa radiocarbon, komwe kumapeza zaka za zinthu zomwe zinali zamoyo monga makala ndi mafupa, kumapereka mpata wa zaka zambiri, moti sikungalekanitse 122 ndi 142. Mizere ya m'thunthu la mtengo ndiyo imatha kutchula chaka, monga mitengo ya linga la Carlisle yodulidwa m'nyengo yozizira ya 72 ndi 73 AD, koma pokhapokha mzere wakunja wa pansi pa khungwa ulipo.

Kuchipululu, yambani ndi kudzala

Malamulo ena amatembenuka mukapita ku Egypt. M'misewu yochokera ku Koptos, pamtsinje wa Nile, kupita ku madoko a Myos Hormos ndi Berenike pa Nyanja Yofiira, timalinga monga Krokodilo, Maximianon ndi Didymoi tinamangidwa ndi miyala, tambiri tili ndi chitsime chachikulu pakati, ndipo makoma ena akali chiimire. M'kati nthawi zambiri mumapezeka zochepa, chifukwa asilikali ankasesa. Chuma chili pa mulu wa zinyalala kunja kwa chipata, pomwe kuuma kwa dziko kunasunga nsalu, zikopa ndi mapale olembedwa ndi inki, omwe magulu otsogozedwa ndi Hélène Cuvigny anafukula ambirimbiri. Ku Krokodilo kunapezeka kaundula wa makalata, wolemba wokwera pahatchi amene wafika, ola lake ndi kumene wapitira, pamodzi ndi makalata a asilikali otumizirana ndiwo zamasamba.

Dzala lotere lifukulidwe m'mabwalo ang'onoang'ono, motsata kupendekeka kwa mulu osati mofulatika, poti zinyalala zinkathiridwa dengu ndi dengu pamtsetse ndipo kudula mowongoka kumasakaniza zaka. Phale lililonse litembenuzidwe mbali zonse lisanaponyedwe pamulu wa mapale wamba, ndipo lisatsukidwe ndi madzi monga tichitira ndi mapale a ku Britain. Inkiyo ndi ya mwaye, imachoka. Lipukuteni ndi kaburashi kofewa kouma, lijambuleni tsiku lomwelo, ndipo lomwe likuoneka lofufutika lijambulidwenso ndi kamera ya infrared, imene imatulutsa zilembo zomwe maso sakuziona.